Aphunzitsi a Kuyunivesite Adawaphunzitsa Ndani Kuphunzitsa?

Munthu amene akufuna kukaphunzitsa ana a Sitandade 1 kuno kwathu sangangotola choko n'kulowa m'kalasi. Amayamba wapita kukoleji ya aphunzitsi, kaya ku Kasungu, ku Karonga kapena ku Machinga, ndipo asanalandire satifiketi amayesedwa ataimirira pamaso pa ana enieni, womuyesa atakhala kumbuyo ndi cholembera m'manja. Wa kusekondale nayenso amadzera ku Domasi kapena kunthambi ya zamaphunziro ya yunivesite. Koma amene amasula madokotala, maloya ndi mainjiniya, kwa zaka zambirimbiri ndiponso pafupifupi m'maiko onse, ankangomupatsa ndandanda ya maphunziro n'kumulozera chipinda. Ankati bola akulidziwa phunziro lake, kuphunzitsa kudzabwera kokha.

Ndili chaka choyamba tinali ndi aphunzitsi ena odziwa zinthu kwabasi. Ankalowa ndi manotsi apamapepala ofiirira ndi ukalamba, n'kumawerenga, ife tikulemba mpaka zala kuuma. Ola likakwana ankasonkhanitsa mapepala awo n'kutuluka. Pamayeso tinkawabwezera mawu awo omwewo. Amene mutu sunkagwira zoloweza adalemba sapu, ena adachotsedwa sukulu chaka chomwecho, ndipo ena mwa iwo anali anzeru kuposa ife otsalafe. Aphunzitsiwo sindiwaimba mlandu. Palibe adawaonetsapo njira ina, ndipo ankatiphunzitsa mmene iwo adaphunzitsidwira.

Chikhalirecho pachiyambi penipeni digiri inali chilolezo chophunzitsira. Ku Paris, m'zaka za m'ma 1200, chansala wa tchalitchi cha Notre-Dame ndiye ankapereka licentia docendi, ndiye kuti chilolezo choti munthu aphunzitse. Ngakhale mawu akuti dokotala tsinde lake ndi mneni wa Chilatini wotanthauza kuphunzitsa. Yunivesite ya nthawi imeneyo inali ngati bungwe la amisiri. Mnyamata ankakulira m'manja mwa mbuye wake monga amakulira mwana wa kalipentala, kuyamba ndi kupenyerera, kenako kugwirako pang'ono. Akadali pamaphunziro ankayamba kuwerengera anzake aang'ono mabuku ena, ankachita mitsutso pagulu, ndipo akavala ulemu wa umasitala lamulo linkamukakamiza kuphunzitsa kwa zaka pafupifupi ziwiri asanapite kwina. Maphunziro a kaphunzitsidwe analipo ndithu, kungoti anali a pantchito.

Mabuku ankalembedwa pamanja, pazikopa, ndipo mtengo wake unali wosayamba. N'chifukwa chake mphunzitsi ankakhala pampando wautali kuwerenga buku mokweza n'kumalimasulira. Kuwerengako ndiko lectio, kumene kudachokera dzina loti lekichala. Ndipo mkangano wa kaphunzitsidwe udayamba kale pomwepo. Ku Bologna ophunzira ndiwo ankalipira aphunzitsi awo, tsono ankawalipiritsa chindapusa akachedwa kuyamba, akapitirira nthawi, kapena akalumpha mutu wovuta m'buku. Ku Paris, mu 1355, aphunzitsi adagwirizana lamulo loletsa kulembetsa manotsi liwu ndi liwu. Adati mphunzitsi azilankhula mwaliwiro loti mutu ugwire koma dzanja lisathe kutsatira, ndipo wophwanya lamuloli aziimitsidwa chaka chathunthu. Lamulo lomwelo lidaikanso chilango kwa ophunzira amene angakane njirayi mwa kukuwiza kapena kugenda miyala. Zikuonetsa kuti anyamatawo manotsi ankawafuna ndi mtima wonse. Patapita zaka ngati 100 Johannes Gutenberg adabweretsa makina osindikizira, mabuku adachuluka, chifukwa chowerengera mokweza chidatha, koma mwambowo udatsala.

Chimene chidalekanitsa digiri ndi uphunzitsi chidachokera ku Germany. Yunivesite ya Berlin, imene idatsegulidwa mu 1810 potsatira maganizo a Wilhelm von Humboldt, idaika kafukufuku patsogolo. Cholinga cha a Humboldt sichinali choipa: ankafuna pulofesa ndi wophunzira azifunafuna nzeru zatsopano limodzi. Koma chimene maiko ena adatolapo ndi digiri ya PhD. Yale idapereka yoyamba ku America mu 1861, Johns Hopkins idakhazikitsidwa mu 1876 ndi mtima wonse pa kafukufuku, ndipo Oxford idatsatira mu 1917. Kuyambira apo munthu ankalembedwa ntchito yophunzitsa chifukwa cha umboni wa ntchito ina, yofufuza. Mu 1903 a William James a ku Harvard adalemba nkhani yotchedwa The Ph.D. Octopus atakhumudwa ndi koleji ina imene idafuna kubweza mnyamata waluso pantchito chifukwa choti analibe zilembo zitatuzo. Iwo adafunsa ngati pali amene angalumbire kuti digiriyo ndi chikole choti mwini wake adzaphunzitsa bwino. Funso lawo lidangopita ndi mphepo.

Lidadzabweranso nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, pamene zipata za mayunivesite zidatseguka n'kulowa asilikali obwera kunkhondo, ana a anthu wamba ndiponso atsikana ochuluka. Kalasi ya anthu 30 osankhidwa ikhoza kubisa uphunzitsi wofooka, popeza ana otere amakhoza ngakhale popanda mphunzitsi. Kalasi ya mazana siibisa. Ku University of Michigan, a Wilbert McKeachie adayamba kulembera timalangizo anyamata amene ankawathandiza kuphunzitsa, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950 timapepalato tidasanduka buku lotchedwa Teaching Tips, limene lakhala likusindikizidwa mobwerezabwereza. Mu 1962 yunivesite yomweyo idatsegula Center for Research on Learning and Teaching, likulu loyamba la mtundu wake ku America. Ku Britain komiti ya a Edward Hale idatulutsa lipoti lake la njira zophunzitsira m'mayunivesite mu 1964. Kenako mu 1971 a Donald Bligh adasonkhanitsa zofufuza zambiri m'buku lakuti What's the Use of Lectures? n'kupeza kuti lekicha imafikitsa uthenga mofanana ndi njira zina, koma pankhani yophunzitsa munthu kuganiza imatsalira.

Maphunziro oyambirira amene malikulu amenewa ankapereka anali a kaimidwe ka mphunzitsi: kwezani mawu, lembani zooneka pabolodi, musalankhule mutafulatira kalasi, yang'anani ophunzira m'maso. Ena ankajambulidwa pavidiyo kuti adzione okha. Zonsezi n'zothandiza, koma maso anali pa mphunzitsi, ngati kuti vuto lonse lili pakamwa pake. Amene adatembenuza nkhaniyi ndi anthu awiri a ku Gothenburg m'dziko la Sweden, a Ference Marton ndi a Roger Säljö, ndipo zimene adachita zinali zapafupi moti munthu amadabwa kuti ena onse zidawadutsa bwanji.

Adapatsa ophunzira nkhani yoti awerenge, n'kuwauza kuti pambuyo pake adzafunsidwa. Atatha, adawafunsa zinthu ziwiri: kodi wolemba nkhaniyi amati chiyani, nanga inu mumawerenga motani? Mayankho adagawika. Ena ankawerenga akusakasaka chimene wolembayo akufuna kunena, akuyerekeza ndi zimene amadziwa kale, akufunsa ngati umboni ukugwirizana ndi mfundo. Ena maso awo anali pa mawu enieniwo, kutola mayina ndi manambala amene ankaganiza kuti afunsidwa, mtima uli phaphapha ndi nthawi. Oyambawo ndiwo adagwira mfundo ya nkhaniyo. Achiwiriwo adatola zidutswa, mfundo yaikulu n'kuwapulumuka. Zotsatirazi zidasindikizidwa mu 1976, ndipo njira ziwirizi zidadziwika kuti kuphunzira kozama ndi kuphunzira kwa pamwamba.

Chofunika kwambiri pamenepa n'chakuti awa si mitundu iwiri ya anthu, anzeru ndi mbuli. Wophunzira yemweyo amazama m'phunziro lina n'kuyandama m'phunziro lina, malinga ndi zimene waona kuti mphunzitsi akufuna. A Marton ndi a Säljö adayesa kukankhira ophunzira mbali iyi ndi iyo posintha mafunso. Kuwakankhira koloweza kudali kosavuta: ukangowafunsa timafunso ta mayina ndi manambala, onse amayamba kuloweza. Kuwakankhira kozama kudavuta, chifukwa ena adangozindikira mtundu wa mafunsowo n'kupeza njira yachidule yowayankhira. Ife amene timadandaula kuti ana a masiku ano amangoloweza tiyenera kuyamba tayang'ana mapepala a mayeso amene timalemba tokha. Mwana amaonera komwe kukugwa malikisi.

Ku America nkhani yomweyi idatulukira pakhomo lina, la fizikisi. Mu 1985 a Ibrahim Halloun ndi a David Hestenes a ku Arizona State University adasindikiza zimene adapeza atayesa ophunzira ndi mafunso opanda masamu, ongofuna kuona ngati munthu akumvetsa mmene zinthu zimayendera. Ankawayesa teremu isanayambe ndi pomwe yatha. Kusintha kunali kochepa momvetsa chisoni, ndipo zinalibe kanthu kuti mphunzitsi wake anali wotchuka kapena ayi. Mu 1992, pamodzi ndi a Malcolm Wells ndi a Gregg Swackhamer, a Hestenes adatulutsa mayeso otchedwa Force Concept Inventory, amene aphunzitsi a fizikisi akugwiritsabe ntchito mpaka lero.

A Eric Mazur, mbadwa ya ku Netherlands, adayamba kuphunzitsa ku Harvard mu 1984. Ophunzira awo, ambiri ofuna udokotala, ankawayamikira pamafomu a kumapeto kwa teremu, ankakhozanso mayeso ovuta a masamu. Cha mu 1990 a Mazur adawerenga za ku Arizona zija n'kunena mumtima kuti zimenezo ndi za kwina, osati ana anga. Adaganiza zowayesa kuti atsimikize. Mayeso ali m'kati, mtsikana wina adaimika dzanja n'kufunsa ngati ayankhe motsatira zimene aphunzitsiwo adawaphunzitsa kapena motsatira mmene iye amaganizira. M'mutu mwa mwanayo munali nyumba ziwiri zosayenderana, ina ya mayeso, ina ya moyo weniweni.

Limodzi mwa mafunso a mtunduwu ndi ili: lole yaikulu ikawombana ndi kagalimoto kakang'ono, ndi iti imakankha inzake mwamphamvu koposa? Pafupifupi aliyense mtima umamuuza kuti ndi lole. Koma lamulo lachitatu la Isaac Newton limati mphamvu ziwirizo n'zofanana ndendende. Kagalimotoko kamaphwanyika kwambiri chifukwa n'kopepuka, osati chifukwa kalandira mphamvu yoposa imene kapereka. Ana amene ankatha kulakatula lamulolo ali m'tulo ankasankhabe lole. Tsiku lina a Mazur adafotokoza funso lotere kwa mphindi zingapo, nkhope zili gwa. Adabwerezanso, osaphula kanthu. Posowa chochita adangoti aliyense akambirane ndi mnzake woyandikana naye. Holo idadzaza phokoso, ndipo m'mphindi ziwiri zokha ambiri adali atagwira yankho.

Iwo adalingalira chifukwa chake, ndipo ine ndimaona kuti apa ndiye pagona nkhani yonse. Pulofesa adamvetsa chinthucho kalekale moti adaiwala pamene pamapunthwitsa. Mwana amene wangochimvetsa mphindi zisanu zapitazo akukumbukirabe dzenje limene adagweramo, ndiye amadziwa pomugwira mnzake. Apa padabadwa njira imene adailemba m'buku la Peer Instruction mu 1997. Ophunzira amawerenga asanabwere. Mphunzitsi amafotokoza mwachidule, n'kuponya funso limodzi lofuna kuganiza. Aliyense amayankha payekha, kenako amatsutsana ndi mnzake amene wayankha zosiyana, n'kuyankhanso kachiwiri. Mphunzitsi amaona pomwepo ngati apitirire kapena abwerere. Ena amavota ndi timakina, ena ndi makadi amitundumitundu, ena ndi zala pachifuwa. Magetsi akhoza kuzima, njirayi n'kumayendabe.

Umboni udaunjikana. Mu 1998 a Richard Hake adasanthula makalasi 62 a ophunzira 6,542. M'makalasi a lekicha yokhayokha, mwa zimene ophunzira sankadziwa poyamba, adatolapo pafupifupi magawo 23 pa 100. M'makalasi okambirana adatolapo 48 pa 100. Mu 2014 a Scott Freeman ndi anzawo adaphatikiza zofufuza 225 za maphunziro a sayansi, uinjiniya ndi masamu, n'kupeza kuti olephera anali pafupifupi 34 pa 100 kumene mphunzitsi amangolankhula, ndi pafupifupi 22 pa 100 kumene ophunzira amagwira ntchito m'kalasi. Kusiyana kwa manambala awiriwa ndi ana a anthu, amene makolo awo adagulitsa mbuzi ndi matumba a chimanga kuti apeze fizi.

Britain ndiyo idayesa kusandutsa nzeruzi kukhala dongosolo la dziko lonse. Lipoti la komiti ya a Ron Dearing la mu 1997 lidalimbikitsa kuti yunivesite iliyonse ikhale ndi maphunziro ovomerezeka a kaphunzitsidwe kwa antchito ake. Padabadwa bungwe loona zimenezi, limene mu 2004 lidalowa mu Higher Education Academy, ndipo kuyambira 2018 ntchitoyi ili m'manja mwa Advance HE. Lero m'mayunivesite ambiri kumeneko lekichala watsopano satsimikizidwa pantchito asanachite maphunzirowa. Odandaula alipo, ndipo madandaulo ena ndi omveka: kuti nthawi zina zimangosanduka kudzaza mafomu, ndiponso kuti wophunzitsa zaudokotala ndi wophunzitsa ndakatulo sangathiridwe mankhwala amodzi. Komabe a Graham Gibbs ndi a Martin Coffey, atatsatira aphunzitsi atsopano m'mayunivesite 22 a m'maiko 8, adalemba mu 2004 kuti ophunzitsidwawo adayamba kusamala kwambiri zimene zikuchitika mwa wophunzira, ndipo ophunzira awo adachepetsa kuloweza. Gulu losaphunzitsidwa silidangoima pamodzi, lidabwerera m'mbuyo chaka chisanathe. Ofufuzawo adachenjeza okha kuti mayunivesite amene amaphunzitsa antchito awo amakhalanso olemekeza uphunzitsi m'njira zina, choncho ulemu wonse sungapite ku maphunzirowo.

Chenjezo limeneli ndi lolemera. A Charles Henderson ndi a Melissa Dancy ndi mnzawo wina adafunsa aphunzitsi a fizikisi 722 ku America, ndipo mu 2012 adalengeza kuti ambiri njira zatsopanozi ankazidziwa, ambiri adaziyesapo, koma mmodzi mwa atatu alionse amene adayesa adazisiya. Munthu amachoka kumsonkhano wa masiku atatu mtima uli m'mwamba, n'kukafika m'holo ya mabenchi okhomerera pansi, silabasi yosefukira, anzake akumuyang'ana cham'mbali, ndipo komiti yokweza anthu pantchito ikungowerenga mapepala a kafukufuku. Ophunzira nawonso sakhala kumbali yake. Mu 2019 a Louis Deslauriers ndi anzawo ku Harvard adagawa kalasi imodzi pawiri, gulu lina lekicha yosalala ya katswiri, gulu lina kulimbana ndi mafunso, kenako n'kusinthanitsa. Ophunzirawo adati adaphunzira zambiri mu lekicha ija, ndipo ndiyo adaikonda. Mayeso adaonetsa zosiyana. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ana a ku Paris a mu 1355 ndi a ku Harvard a mu 2019 ankafuna chinthu chimodzimodzi, ndipo yunivesite imene imayeza mphunzitsi ndi mafomu a ophunzira okha ikhoza kulanga amene akuphunzitsa bwino.

Kufupi ndi kwathu kuno, nkhaniyi idayenda njira yakeyake ku South Africa. Malamulo a tsankho, la Bantu Education la mu 1953 ndi la mayunivesite la mu 1959, adatsekera anthu akuda kunja kwa sukulu zabwino. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 mayunivesite a Wits, Cape Town, Natal ndi Rhodes adayamba kulandira ophunzira akuda ochepa, n'kuwakonzera makalasi apadera a Chingerezi ndi luso lowerenga. Maganizo anali akuti chilema chili mwa mwana, ndiye akonzedwe pakhonde asanalowe m'nyumba. Mu 1985 a Herbert Vilakazi ndi a Botlhale Tema adatsutsa poyera, kunena kuti yofunika kusintha ndi yunivesiteyo, chifukwa ana amene ikuwaona ngati alendo ndiwo adzakhale ochuluka mawa. Pang'ono ndi pang'ono ntchito idasuntha kuchoka pa kukonza wophunzira kupita pa kukonza silabasi ndi mphunzitsi, ndipo mayunivesite monga Rhodes adayamba kupereka dipuloma ya kaphunzitsidwe kwa malekichala. Ulendo udakalipo: lipoti la Council on Higher Education la mu 2013 lidapeza kuti mwa ophunzira olowa m'kalasi tsiku ndi tsiku, mmodzi yekha mwa anayi ndiye ankamaliza digiri pa nthawi yake.

Yunivesite ya Malawi idayamba kuphunzitsa mu 1965 ku Chichiri ndi ophunzira 90, ikutsata chitsanzo cha ku Britain ya nthawi imeneyo, Britain imene lipoti la a Hale linali litangotuluka kumene. Lero mayunivesite achuluka, aboma ndi a mipingo ndi a anthu, ndipo makalasi ena a chaka choyamba amadzaza mpaka ena kumvera pawindo. Mwambo wathu wakhala woti amene wakhoza koposa onse m'chaka chomaliza amatsalira ngati staff associate, podikira kukachita masitazi. Ndi mwambo wabwino, wasula anthu ambiri amene dziko likuwadalira. Koma taganizani munthu amene timamusankhayo. Ndi uja amene lekicha inkamukwanira, amene sadalembepo sapu, amene dzenje logweramo anzake sadalione n'komwe. Ali ndi zaka 23 kapena 24, ndipo ena mwa amene akukawaphunzitsa ankadya nawo limodzi ku kafeteriya chaka chatha. Lolemba m'mawa amalowa m'holo yodzaza, m'manja atanyamula manotsi amene adakopera kwa aphunzitsi ake, ndipo kumbuyo kwa holoyo sikukhala munthu wa cholembera woti akatuluka akhale naye pansi n'kumufunsa kuti, "Achimwene, pamene munafunsa ngati amva, onse n'kuvomera, munadziwa bwanji kuti amvadi?"